Nkhuku Yachiwiri: Mlandu wa Chinthu Chosachitira Dala

Pa zaka zonse zimene ndinagwira choko, palibe mawu amene ndinawamva kawirikawiri kuposa akuti, "Aphunzitsi, sindinachitire dala." Mwana akaswa galasi la zenera ndi mpira, mawu ake anali amenewa. Wina akatayira inki pa kope la mnzake, mawu anali omwewanso. Nthawi zambiri ndinkawakhulupirira, pakuti ana ambiri sakhala ndi mtima wanjiru. Koma nditakhalitsa pa ntchito ndinayamba kuona kuti mawuwa ali ngati ndalama: zilipo zenizeni, ziliponso zachinyengo, ndipo pamaso zimafanana.

Makolo athu ankadziwa kusiyanitsa dala ndi ngozi. Pabwalo la milandu, munthu amene watentha nkhokwe ya mnzake chifukwa cha chidani sankaweruzidwa mofanana ndi munthu amene moto unamupulumuka potentha mapesi m'munda mwake. Paja amati tsoka silinunkha. Komabe akuluakulu omwewo sankalekera pamenepo. Ankafunsanso kuti, "Nanga unayamba walambula m'mphepete mwa munda usanayatse? Kodi mphepo sunaione kumene inkalowera?"

Ndili mnyamata, mnzanga wina wa m'mudzi mwathu anatchera msampha wa nkhwali m'kanjira kopita kudimba. M'mawa mwake anapeza mutakodwa nkhuku ya agogo ena oyandikana nawo nyumba, itafa kale. Agogowo sanakwiye. Anangoti, "Pita mwanawe, yopusa ndi nkhukuyo." Patapita masiku atatu, msampha uja, uli pamalo pomwe paja, unagwira nkhuku ina ya agogo omwewo. Ulendo uno nkhani inafika kwa amfumu. Mnzangayo anabwereza mawu ake aja, ndipo sankanama ayi, iye ankafunadi nkhwali. Amfumu anamuyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Nkhuku yoyamba inaphedwa ndi msampha. Yachiwiriyi wapha ndiwe."

Chigamulo chimenechi ndachikumbukira posachedwapa pamene ndimawerenga za mlandu wina waukulu koposa, umene ukuchitikira kutali ndi kwathu kuno, m'nyanja zamchere zimene dziko lathu silichita nazo malire. Mlanduwo ndi wa asodzi ndi mbalame.

Kum'mwera kwa dziko lapansi, kupitirira Cape Town, kuli nyanja zozizira za mphepo yosaleka. Kumeneko ndiko kwawo kwa mitundu yambiri ya mbalame yotchedwa albatross. Pa dziko lonse mitundu yake ilipo 22, ndipo yaikulu mwa yonse ikatambasula mapiko imatha kufika mamita 3.5, ndiye kuti utali wa amuna awiri atagona motsatana. Mbalameyi imatha zaka zingapo za ubwana wake osapondako pamtunda. Imangouluka pamwamba pa mafunde, nitera pamadzi ikafuna kudya kapena kupuma. Imabwerera kumtunda pokhapokha ikafuna kuswa, ndipo imasankha zilumba zakutali monga Marion, chimene chili m'manja mwa South Africa, ndi South Georgia.

Kaswedwe kake ndiko kayenera kumvetsedwa bwino, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepo. Nkhuku ya kumudzi imaikira mazira khumi ndi mphambu, kangapo pa chaka, ndipo mphamba akatenga anapiye atatu khola silitha. Albatross yaikulu ija imayamba kuswa ili ndi zaka pafupifupi 10. Imaikira dzira limodzi lokha. Yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kulifungatira kwa masabata pafupifupi 11, kenaka zimasinthananso kupita kunyanja kukasakira mwana chakudya kwa miyezi ina pafupifupi 9. Ntchitoyi ndi yotopetsa kotero kuti zikalera mwana mmodzi zimapuma chaka chathunthu zisanaikirenso. Mtunduwu wakhalapo mpaka lero chifukwa chakuti mbalame iliyonse imakhala ndi moyo wautali. Ku chilumba cha Midway, m'nyanja ya Pacific, albatross ina yaikazi imene anaiveka chizindikiro kumwendo mu 1956 inaikiranso dzira mu 2024, ili ndi zaka zoposa 70. Motero mbalame yaikulu imodzi ikafa, mwana amene ali pachisa amafanso ndi njala, pakuti kholo limodzi silingathe kumudyetsa lokha. Yotsalayo imatha zaka isanapeze inzake ina.

Nanga zimafa bwanji? Asodzi a kunyanja kwathu amadziwa chingwe chimene amamangirirapo mbedza zambirimbiri potchera kampango kapena mlamba. Sitima za m'nyanja zamchere zimachita chimodzimodzi, koma pa muyeso umene munthu sangaukhulupirire msanga. Sitima yosaka nsomba za tuna imatha kutaya chingwe chotalika makilomita 100, pafupifupi mtunda wochokera ku Lilongwe kukafika ku Salima, chili ndi mbedza 2,000 kapena 3,000, iliyonse ndi nyambo yake. Chingwecho chimatuluka kumbuyo kwa sitima, sitimayo ikuyenda. Mbedza ikagwa m'madzi simira nthawi yomweyo, imayamba yayandama kaye, nyambo ili poyera. Kamphindi kameneko ndiko kamapha. Mbalame zimene zakhala zikulondola sitima zimatera n'kumeza nyambo pamodzi ndi mbedza, ndipo chingwe pomira chimazikokera pansi pa madzi.

Sitima zokoka makoka nazo zili ndi kaphedwe kake. Khoka limakokedwa ndi mawaya awiri ochindikala ochokera kumbuyo kwa sitima. Antchito akamatumbula nsomba amataya mitu ndi matumbo m'madzi, ndipo mbalame mazanamazana zimasonkhana pomwepo kulimbirana chakudya. Sitima ikamakwera ndi kutsika pa mafunde, waya amamenya mbalame, kapena phiko lalitali lija limakulungika ku waya, mbalame n'kumizidwa. Imfa yotere kawirikawiri sioneka n'komwe, chifukwa mtembo umapita ndi madzi.

Tsono tinene chilungamo. Palibe msodzi amene amanyamuka padoko ndi cholinga chokapha albatross. Mbedza imene yakola mbalame ndi mbedza imene yataya mwayi wogwira nsomba. Ndiponso kwa zaka zambiri asodzi sankadziwa kukula kwa chimene chinkachitika. Sitima ikakola mbalame ziwiri kapena zitatu pa tsiku, pakati pa mbalame zochuluka ngati dzombe zimene zaizungulira, ndani akanaganiza kuti mtundu ukutha? Aliyense ankaona za pa sitima yake yokha. Imeneyo inali nyengo ya nkhuku yoyamba, ndipo ine sindingaimbe mlandu munthu aliyense wa nyengo imeneyo.

Amene anayamba kudabwa anali akatswiri owerenga zisa pa zilumba. Pa kachilumba ka Bird Island, pafupi ndi South Georgia, anaona kuti zisa zikucheperachepera chaka ndi chaka, ndipo pambali pa zisa zina ankatola mbedza ndi zidutswa za zingwe. Kenaka katswiri wa ku Australia, Nigel Brothers, anakwera sitima za asodzi a ku Japan kuti akadzionere yekha. Mu 1991 anafalitsa zimene anapeza: mwa kuwerengera kwake, sitima za dziko limodzi lokhalo zinkapha mbalame za albatross pafupifupi 44,000 chaka chilichonse m'nyanja za kum'mwera. Mu 2011 akatswiri ena anawerengera za dziko lonse lapansi napeza kuti zingwe za mbedza zinkapha mbalame za m'nyanja zosachepera 160,000 pa chaka, mwinanso kufika 320,000.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri pa nkhaniyi ndi kuchepa kwa mankhwala ake. Aliyense amene anakulira kumene amalima mpunga, mapira kapena mawere akudziwa ntchito yoingitsa mbalame. Tinkakhala pansanja pakati pa munda, titamanga zingwe zoloza kumbali zonse, pa zingwepo titapachika nsanza ndi zitini zokhala ndi timiyala. Mpheta zikatera tinkakoka chingwe, nsanza n'kugwedezeka, zitini n'kulira, mpheta n'kubalalika. Chida chimene chikupulumutsa albatross ndi chomwechi basi. Asodzi amamanga chingwe pa mlongoti wautali kumbuyo kwa sitima, ndipo kunsonga kwake amamangirira chinthu chokhwekhwereka m'madzi kuti chingwecho chikungike. Pa chingwepo pamalendewera timalamba ta mitundu yowala, timene timapepesuka ndi mphepo ngati mpanda woyenda pamwamba pa malo amene mbedza zikumira kapena pamene mawaya akulowa m'madzi. Mbalame zimaopa kuyandikira, ndipo pamene chingwe chathera, nyambo imakhala itamira kale kumene sizingaifikire. Pa sitima za mbedza chidachi chimagwira bwino koposa akachiphatikiza ndi njira zina ziwiri: kulemeretsa mbedza ndi timitovu kuti zizimira msanga, ndi kutaya chingwe usiku pamene albatross zambiri sizisaka chakudya.

Chingwechi chimadziwika ndi dzina lakuti tori, mawu a chinenero cha ku Japan otanthauza mbalame, chifukwa amene anachitulukira ndi asodzi a ku Japan eni ake. Sanachitulukire chifukwa cha chifundo. Ankafuna kuteteza nyambo zawo, monga momwe ife tinkatetezera mapira athu. Ena angakhumudwe pomva zimenezi, koma ine sindikhumudwa. Mbalame imene yapulumuka sifunsa chimene chinali mu mtima mwa womanga chingwe.

Kuti chidachi chimagwiradi ntchito, umboni wake uli pafupi nafe. Ku South Africa sitima zokoka makoka a nsomba ya hake, nsomba imene abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku Cape Town amadya ndi tchipisi, zinkapha mbalame zikwizikwi pa chaka. Mu 2006 boma la dzikolo linalamula kuti sitima zimenezi zizikhala ndi zingwe zoingitsira mbalame, ndipo m'chaka chomwecho alangizi a gulu la Albatross Task Force, limene linakhazikitsidwa ndi mabungwe a BirdLife International ndi RSPB, anayamba kukwera sitima pamodzi ndi asodzi. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2014: imfa za mbalame zonse zinatsika ndi 90 pa 100, ndipo za albatross zinatsika ndi 99 pa 100. Ku Namibia lamulo lotere linabwera mu 2015. Sitima za mbedza za kumeneko, zimene mu 2009 zinkapha mbalame zoposa 22,000 pa chaka, mu 2018 zinapha pafupifupi 215. Zingwe zambiri za ku South Africa zinasokedwa ndi anthu olumala a ku Ocean View, pafupi ndi Cape Town, ndipo za ku Namibia ndi gulu la amayi a ku Walvis Bay lotchedwa Meme Itumbapo. Mtengo wa chingwe chimodzi sungafanane n'komwe ndi wa mafuta amene sitima imamwa pa tsiku limodzi.

Apa ndipo pabwera funso la amfumu aja. Chinthu chimene chachitika kamodzi mosayembekezereka ndicho ngozi. Koma chinthu chimene chimachitika ulendo uliwonse, pa nthawi yodziwika, pa malo odziwika kumbuyo kwa sitima, chimene munthu angathe kuchiwerengeratu asananyamuke padoko, sichingatchedwenso ngozi. Chasanduka mbali ya ntchitoyo. N'zoona kuti woyendetsa sitima sadziwa kuti ndi mbalame iti imene idzafe. Koma munthu amene wakumba dzenje pakati pa njira nalisiya losakwirira sadziwanso amene adzagweremo, ndipo kusadziwa dzina la wothyoka mwendo sikumuchotsera mlandu.

Anthu ambiri timaganiza kuti mlandu umakhala mu chimene tinafuna. Timati, "Mtima wanga unali woyera." Ine ndikuona kuti mlandu umakhalanso mu chimene tinalolera. Mnzanga uja sanafune nkhuku yachiwiri, koma pa tsiku limene anabwezera msampha pamalo pomwe paja, anali atavomera mu mtima mwake kuti nkhuku ina ikafa, ife, bola iye apeze nkhwali. Kuvomera kumeneko ndi chisankho, ngakhale kuti sikunanenedwe ndi pakamwa. Kudziwa kumasintha munthu ngakhale zochita za manja ake zisanasinthe. Woyendetsa sitima wa mu 1975 ndi wa lero angataye chingwe mofanana ndendende, mbalame n'kufa zofanana, koma awiriwa sanachite chinthu chimodzi.

Komabe sindifuna kuweruza ndili khale pakhonde langa, ngati kuti ntchito ya panyanja ndi masewera. Zimene asodzi amadandaula ndi zenizeni. Kukakhala mphepo yamkuntho, chingwe choingitsira mbalame chimatha kukodwa mu chingwe cha mbedza, ndipo kuchimasula kumachedwetsa ntchito, mwinanso kuika moyo wa munthu pachiswe. Timitovu tolemeretsa mbedza timatha kubwerera ngati mwala wa legeni chingwe chikaduka, n'kuvulaza wokoka. Wantchito wa pa sitima amakhala atagona maola ochepa, manja atauma ndi chisanu, ndipo nthawi zambiri malipiro ake amadalira kuchuluka kwa nsomba. Munthu wotere ukamuuza za dzira limodzi la pa chilumba cha Marion, angakufunse za ana ake a kunyumba. Funsolo si lopusa.

Yankho langa ndi lakuti mlandu uli ndi miyeso, ndipo umalemera molingana ndi mphamvu zimene munthu ali nazo zosinthira zinthu. Wantchito amene wangouzidwa chochita ali ndi kagawo kakang'ono. Woyendetsa sitima ali ndi gawo lalikulupo. Mwini kampani amene akudziwa zonsezi, amene angathe kugula zingwe zabwino ndi kuphunzitsa antchito ake kamangidwe kake koma osatero, ndiye wasenza mtolo waukulu. Tikamadzudzula msodzi wosauka wa kunyanja kwathu amene akukokolola tiana ta nsomba ndi neti yotetezera udzudzu, timadziwa kuti kumbuyo kwake kuli njala, ndipo chidzudzulo chathu chimayenera kukhala ndi chisoni. Kampani ya sitima za tuna ilibe njala yotero yobisalirako. Ndiponso mavuto ambiri a chingwe chija anapezeka kuti amatha anthu akakhala pansi n'kukonza kamangidwe kake molingana ndi sitima iliyonse.

Ena amati, "Zonsezi chifukwa cha mbalame chabe, anthu akugona ndi njala?" Mawuwa akanakhala ndi mphamvu chikhala kuti kupulumutsa mbalame kumachotsa nsima pakamwa pa munthu. Koma ku South Africa ndi ku Namibia usodzi wa hake sunaime chifukwa cha zingwezi. Palibe amene anapemphedwa kusankha pakati pa mwana wake ndi albatross. Chimene anapemphedwa ndi mphindi zingapo za ntchito. Ndikuganiza kuti tikamanyoza kuti "mbalame chabe," nthawi zambiri sitikhala tikuteteza anthu anjala, timakhala tikuteteza chizolowezi chathu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandivutitsa maganizo monga mphunzitsi. Chingwechi chinadziwika kale zaka za m'ma 1990 zisanathe, n'chotchipa, ndipo chimathandizanso msodzi. Nanga n'chifukwa chiyani sitima zambiri zinadikira lamulo? Ndikanakonda kukuuzani kuti anthu atangomva choonadi anasintha okha, pakuti moyo wanga wonse ndinauthera pa chikhulupiriro chakuti kuphunzitsa kumasintha munthu. Koma mbiri ya nkhaniyi siikunena choncho. Kudziwa pakokha sikunakwanire. Lamulo nalo palokha silikanakwanira, chifukwa lamulo lolembedwa mu ofesi silikwera sitima. Chimene chinagwira ntchito ndi zinthu ziwirizi pamodzi, kuphatikizapo munthu wachitatu, mlangizi uja amene anagona m'sitima momwemo, nadwala ndi mafunde omwewo, naonetsa asodzi ndi manja ake mmene chingwe chimamangidwira. Msodzi amamvera msanga munthu amene wanyowa naye. Ndikakumbukira za m'kalasi ndimaona kuti sizinali zosiyana kwenikweni: malamulo ndinkawapachika pakhoma, koma ana ankasesa bwino tsiku limene ndagwira nawo tsache.

Kumene zinthu zikadali zovuta ndi pakati penipeni pa nyanja, kunja kwa malire a dziko lililonse. Sitima za tuna zimakhala kumeneko miyezi yambiri osabwera padoko. Malamulo alipo, pakuti mabungwe a mayiko oyang'anira usodzi wa tuna amafuna kuti sitima zosodza m'madera a albatross zizitsata njira zotetezera mbalame. Koma sitima zokhala ndi munthu woyang'anira ngati malamulowo akutsatidwa ndi zochepa kwambiri, ndipo mitundu yambiri ya albatross ikadali pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yotheratu. Nkhuku ija inali ndi agogo amene anainyamula kupita nayo kwa amfumu. Albatross ilibe mwini woti akaisumire. Ikakodwa, wantchito amadula kachingwe, mtembo n'kugwera m'madzi, ndipo palibe amene adzafunse. Kumeneko woyendetsa sitima amatsala yekha ndi chimene akudziwa, ndipo chingwe choingitsira mbalame chingathe kukhala chopindidwa bwinobwino m'bokosi ulendo wonse, n'kungotulutsidwa pamene sitima ikuyandikira doko. Makamera ndi makina olondola sitima kuchokera mumlengalenga ayamba kuthandiza, ndipo ndikuwayamikira, ngakhale ndimachita manyazi pang'ono kuti ife anthu tikufunika diso la makina kuti tichite chinthu chimene tikudziwa kale kuti n'choyenera.

Mlandu wa mnzanga uja unatha dzuwa lisanapendeke. Amfumu analamula kuti bambo ake alipire nkhuku imodzi, osati ziwiri. Madzulo a tsiku lomwelo ndinamuperekeza kukazula msampha uja, ndipo tinakautchera patsidya pa kamtsinje, kumene nkhuku za m'mudzi sizinkafika. Kuchokera pamalo akale paja sipanakwane mapazi 100.